Thumba Losefera la a Injiniya

Munthu ukafuna nyumba ya Mayi Telala sunkasowa kufunsa njira. Unkangoima pakhomo pa sitolo ya zitsulo n'kukoka mpweya, mphuno yokha inkakukweza masitepe mpaka pachitseko chobiriwira cha m'mwamba. Kale nyumba imeneyo inkanunkhira nsalu zatsopano ndi nsimbi yotentha. Tsopano inkanunkha ngati ndowa imene wina anaviikamo buledi n'kuiwala, ndipo mwini fungolo anali amuna awo, a Injiniya.

Za uinjiniyawo musafunse. Bambowo anagwira ntchito yowerenga mamita a madzi mpaka kupuma, ndipo pasukulu ya uinjiniya sanapondepo phazi. Dzinalo anawapatsa ndi anyamata a m'sitolo ya pansi ataona mapaipi amene ankakwera nawo m'mwamba, iwo m'malo mochita manyazi analilandira ndi manja awiri. Anzawo atapuma ntchito anagula njinga zamoto, ena anatsegula timagolosale, koma iwo anagula zida zofululira mowa: poto wamkulu wachitsulo chosachita dzimbiri woti mwana akhoza kusambiramo, paipi yamkuwa yopotapota yoziziritsira, ndowa zapulasitiki za zivundikiro zothina zokhala ndi kachubu kokhota kotulutsira mpweya, kagalasi koyezera kutentha, ndi chipangizo chokhomera zitsekerero pamabotolo. Kupatula kakhitchini ndi bafa, nyumbayo inali ya chipinda chogona ndi chipinda cha makina osokera basi, choncho katundu yenseyu anakakhala kubafa. Mayi Telala ankasamba chopendekeka, chigongono chikugunda ndowa, kachubu kakuti bulu, bulu, pafupi ndi khutu lawo.

Tinene chilungamo, poyamba mowawo unali mowa. Chimera cha balere ankagula kusitolo ina ya m'tauni, pamodzi ndi timaluwa touma towawa totchedwa hopu ndi yisiti wa m'timapaketi tonyezimira. Tsiku lofulula m'nyumba munkamveka kafungo kabwino, ndipo Mayi Telala, ngakhale sankamwa, ankati bola mwamuna wofulula pakhomo kusiyana ndi wokagona kubala. Kenako mitengo inayamba kukwera. Chimera chinakwera, hopu anakwera, yisiti anakwera, shuga naye anati sinditsala. Ukapita lero n'kudzabwereranso, unkapeza mwini sitolo akumata kapepala ka mtengo watsopano pamwamba pa kakale. Munthu wa mutu wogwira akanatsuka poto wake n'kumukweza pamwamba pa kabati. A Injiniya ankati mowa si chimera, mowa ndi nzeru.

Nzeruzo zinali izi. Anapangana ndi wophika buledi wa pakona kuti aziwasungira buledi wotsala, wouma gwa, wina atamera kale chuku chobiriwira, iwo n'kumangochipala ndi mpeni. Ankawonjezera madeya a kusitolo ya zakudya za nkhuku ndi nthochi zakuda zimene amayi a pamsika anali atatopa kuziingitsira ntchentche. M'malo mwa hopu ankathyola masamba owawa a mtengo wa kuseri kwa garaja, pomwe amakaniko amatayira madzi. Yisiti sankagulanso. Ankakokota matope otuwa otsala pansi pa ndowa n'kuwasunga m'botolo la jamu mufiriji, pafupi penipeni ndi majarini. Mabotolo ankatola kuseri kwa bala, ena muli zotsalira za ndudu, ena muli mphemvu zakufa, n'kudzawaviika m'beseni lomwe Mayi Telala ankachapira nsalu za anthu.

"Bambo, izi mukumwazi ngakhale nkhumba ingayambe yafunsa kaye kuti n'chiyani," ankatero Mayi Telala atatseka mphuno ndi kansalu.

"Inu simudziwa, mayi. Chilichonse chokhala ndi shuga m'kati chimasanduka mowa. Ndi sayansi imeneyo."

"Sayansi yanuyo ikundithamangitsira makasitomala."

Sankanena zongopeka. Mphunzitsi wina anabweza malaya ake, akuti ana m'kalasi akunong'onezana kuti aphunzitsi abwera atalawa. Amayi a kwaya ina anangosiya kubwera osatsanzika. Mayi Telala anafika pomakulunga zovala zosoka kale m'mapepala a pulasitiki n'kuzipachika kunja kwa windo, koma fungo la m'nyumba imeneyo linali lamakani, linkalowa mpaka m'ulusi.

Chomaliza kutha pa zida za a Injiniya chinali thumba losefera. Limeneli ndi thumba la nsalu yopyapyala ya timabowo. Umathiramo chimera n'kuliviika m'poto wa madzi otentha, ukalitukula madzi otsekemera amatsalira m'poto, masese amatsalira m'thumba. Lawo linaphulika tsiku lina ndi kulemera kwa buledi wonyowa. Anapita m'tauni kukagula lina n'kubwerako chimanjamanja, akutukwana mwini sitolo kuti ndi mbava yovala tayi. Anayesa pilokesi, madzi osadutsa. Anayesa masokosi aatali, masokosi awo ovala, ndipo tsiku limenelo Mayi Telala chakudya sichinalowe. Anayesa neti ya udzudzu, mowa unatuluka woti ukamwa milomo imachita dzanzi. Kuyambira pamenepo maso awo sankachoka padengu la pansi pa tebulo losokera, momwe munkatayidwa zidutswa za nsalu. Lamulo la m'nyumbamo linali lakuti cha m'dengu ndi cha aliyense.

Ndi masiku amenewa pamene kunabwera Namwino. Anali mtsikana wa pachipatala chaching'ono cha kumapeto kwa msewu, wofatsa, wolankhula motsitsa, ndipo ukwati wake unali utayandikira. Anafika masana ali mu yunifolomu, atanyamula pilokesi yoyera yomanga kukamwa.

"Amayi, ndamva kuti pa zinthu zosalimba dzanja lanu ndi lofewa," anatero atakhala pampando wa makasitomala.

Anamasula pilokesi n'kutulutsa velo, nsalu yofunda mkwatibwi kumutu. Inali yakale, yaitali, nsalu yake ya timabowo ting'onoting'ono itatembenukira kuchikasu, ndipo m'mphepete monse munazungulira lesi ya maluwa yosokedwa pamanja. Mbali imodzi inali itang'ambika.

"Ndi ya amayi anga," anatero Namwino. "Anavala paukwati wawo. Anatisiya ndili kusukulu ya unamwino, ndiye ndikufuna ndidzavale yomweyi. Muchotse lesiyo, mudule pong'ambikapo, kenako muibwezeretse. Koma chonde, amayi, musaichape. Musaisitenso."

"Nanga chikasuchi, mwana wanga? Ndikhoza kuiyeretsa mbee."

Mtsikanayo anapukusa mutu. "Tainunkhizani."

Mayi Telala anaiyandikitsa kumphuno. Poyamba sanamve kanthu, pakuti mphuno zawo zinali zitazolowera kale zonyansa. Kenako kanabwera kafungo kakutali, ka mafuta odzola akale, ka sopo, ndi ka m'sutikesi yotsekedwa zaka zambiri.

"Ndi iwowo amenewo," anatero Namwino. "Zovala zawo zonse abale anagawana. Chimene chatsala ndi fungo lawo ndi ichi chokha, ndipo ndikufuna tsiku limenelo ndidzawamve ali pafupi."

Mayi Telala anaisisita velo ija. Anali atasoka madiresi ambiri a ukwati, a akwatibwi amatama ofuna izi ndi izo, koma palibe amene anali atawapatsapo mayi ake kuti amusungire.

"Usade nkhawa, mwana wanga," anatero. "Madzi sadzaikhudza."

Podziwa nyumba yawo, anaikulunga m'mapepala a pulasitiki, wina pamwamba pa mnzake, n'kuibisa m'kabati pansi pa mabulangeti. Anadikira tsiku loti a Injiniya sakufulula. Litafika tsiku limene bambowo anatuluka m'mawa akuti akukaona mnzawo wodwala, Mayi Telala anatsegula mawindo onse, anasamba m'manja, n'kukhala pansi ndi kasingano. Anamasula lesi ija msoko ndi msoko, osadula ulusi ngakhale umodzi wa maluwawo, anaikulunga pakakatoni n'kuiika m'dilowa ya makina. Patebulo panatsala nsalu yokhayokha, yotambalala, yachikasu, yopanda chokongoletsa.

Foni inalira. Anali mwini lesitilanti ina amene anamusokera maepuloni, akuti awabweretse msanga pakuti akuluakulu oyendera ukhondo akubwera. Mayi Telala anayang'ana velo, anayang'ana mapepala a pulasitiki aja, n'kuganiza kuti m'nyumba mulibe munthu, ndipo sachedwa. Anaipinda bwinobwino n'kuisiya pakona ya tebulo. Koma kulesitilanti anawachedwetsa, epuloni ina inali yothina, ina zingwe zinafupika, pobwerera basi inafera panjira.

Amati tsoka silinunkha. Lawo linanunkha, ndipo analimva ali pansi pa masitepe. Fungo linati guu, la buledi wowola wophikidwa pamodzi ndi nthochi, lotentha, lomata kukhosi. Anakwera akuthamanga.

Kukhitchini poto wamkulu uja anali pansi, nthunzi ikufuka mpaka mawindo kuchita thukuta. Pamwamba pake a Injiniya anapingasa mtengo wa tsache pamisana ya mipando iwiri, ndipo pamtengopo panalendewera chithumba chonenepa, chofiirira, chikudontha. Iwo anali atavula malaya, akuchifinya ndi manja onse awiri, phala lotuwa likutuluka m'mipata ya zala. Nkhope yawo inkawala ngati munthu wobadwitsa mwana woyamba.

"Mayi, bwerani mudzaone! Ndalipeza! Likusefa kuposa la kusitolo lija. Mbava ija ikhale ndi thumba lake."

Mayi Telala sanazindikire nthawi yomweyo. Chinthu chimene chinalendewera pamenepo sichinkafanana ndi chilichonse chimene mkwatibwi angavale. Kenako anaona m'mphepete mwa nsaluyo, pamwamba pa mfundo, mzere wa timabowo ta singano momwe munadutsa ulusi wa lesi. Anasuzumira kuchipinda chosokera. Pakona ya tebulo panalibe kanthu.

"Mwaitenga kuti nsalu imeneyi?" Mawu awo anatuluka ang'ono.

"Padengu paja."

"M'dengu kapena patebulo?"

"Aaa, mayi, pafupi ndi dengu. Kansalu kachabechabe, kachikasu. Ine ndimati ndi katani yakale imene mukufuna kutaya. Mnzanga uja ndam'peza atatuluka kale m'chipatala, ndiye ndadzera kwa wophika buledi, ndikufika kuno mwayi uli patebulo."

"Ndi velo ya Namwino. Ya malemu amayi ake."

A Injiniya anasiya kufinya. Anayang'ana chithumba chija, anakanda pachifuwa ndi zala zaphala zomwezo.

"Velo? Velo imakhala ndi maluwa." Kenako anati, "Pepani ndithu. Koma poti zachitika kale, tadikirani ithe kaye kudontha. Mukaichotsa pano mowa wonsewu uchepa mphamvu."

Mayi Telala sakumbukira kuti anawakankha bwanji. Anangozindikira atachikumbatira chithumbacho chotentha momwemo, chikuwawotcha mikono ndi pamimba, akuthamanga nacho kubafa. Mfundo yake inali yomangidwa ndi kachingwe kamene a Injiniya anang'amba pavelo pomwepo. Atamasula, m'beseni munakhuthukira zinthu zoti munthu sangazifotokoze akudya: buledi wosungunuka, madeya otupa, makoko a nthochi oterera, masamba akuda, nthenga ya nkhuku, ndi kachingwe kabuluu komangira matumba a kusitolo ya zakudya za nkhuku.

Apa ndiye anagwira njakata. Mwana wa eni ake anapempha chinthu chimodzi chokha, musaichape, ndipo iwo analonjeza ndi pakamwa pawo. Koma tsopano ankateteza chiyani? Anatsegula mpopi akulira. Anatsukuluza ndi madzi ozizira, madzi akutuluka ofiirira. Anapaka sopo, anafinyira mandimu, anaviika mu soda. Madeya anali atalowa m'kabowo kalikonse, ndipo masiku otsatira anakhala pawindo akuwatokosa ndi singano, kamodzikamodzi, mpaka maso kuchita chidima. Nsaluyo inakana kusiya mtundu wa tiyi. Anayesa mankhwala oyeretsera, pang'ono chabe poopa kuti adya ulusi wakale, ndipo inayera mawangamawanga. Pakati penipeni, pomwe inagunda pansi pa poto ali pamoto, inapsa n'kukwinyika, panatsala chipsera cholimba chachikulu ngati chikhatho. Ikauma ankainunkhiza. Pamwamba pankamveka mankhwala, pansi pake mowa wowawasa unali pomwepo, osasuntha.

A Injiniya masiku amenewo ankayenda monyang'ama m'nyumba, koma musaganize kuti anataya mowa uja. Madzi a m'poto anawawiritsa, anawaziziritsa ndi paipi yamkuwa, anawathira m'ndowa n'kuponyamo matope awo a mufiriji. Kenako anabwera ndi nzeru.

"Mayi, ine ndaganiza. Lesi ija muli nayo, si choncho? Ndiye vuto lili pati? Kagulani nsalu ina yonga yomweyo, tiiviike mu tiyi wopepuka kuti ichite chikasu, musokerepo lesiyo. Fungo la amayi akelo lili mulesimo. Mwanayo sadzadziwa mpaka kufa kwake."

Mayi Telala anatsonya, koma mawuwo anawalowa. Anatulutsa lesi ija m'dilowa, imene m'chipwirikiti chonsecho anaiiwala momwemo, n'kuinunkhiza. Anaona ngati kafungo kaja kakumvekabe. Tsiku lotsatira anapezeka ali m'sitolo ya nsalu, akusisita mpukutu wa nsalu ya timabowo pakati pa zala. Inali yofanana ndithu. Dzanja lawo likanatha kuisoka moti ngakhale malemuwo akanadzuka sakanaizindikira. Wogulitsa anali atanyamula kale sizasi, akufunsa kuti adule yaitali bwanji.

Pamenepo m'maganizo mwawo anaona amuna awo akupala chuku pabuledi n'kumutcha chimera. Anadziona iwo eni akuviika nsalu mu tiyi, mtsikana uja akulowa m'tchalitchi atafunda chinthu cha m'sitolo, akukoka mpweya kufunafuna amayi ake. Ananyansidwa, ndipo ulendo uno ananyansidwa ndi manja awo omwe. Anauza wogulitsayo kuti asiye, n'kutuluka.

Namwino anabwera masana a tsiku limene anapangana, akumwetulira, atatenga ndi kachipeso kokolera velo kumutu. Mayi Telala anali atayala zonse patebulo, nsalu payokha, lesi payokha. Sanazungulire. Anamukhazika pansi, iwo n'kugwada pasimenti, mayi wamkulu kugwadira mwana, n'kufotokoza zonse monga zinachitikira: foni, tebulo, poto, beseni, sopo. Sananamizire basi kapena dengu.

"Unandiuza chinthu chimodzi, mwana wanga, ndipo ndachilephera. Ndinaisiya poyera ndine. Ndinaichapa ndine. Ulankhule chilichonse, ndimva."

Kachipeso kanali kadakali m'manja mwa mtsikanayo. Anakaika patebulo, anatambasula velo ija, anayang'ana mawanga, anapitikitsa chala pachipsera. Kenako anaikweza kumphuno. Uyu anali munthu wotsuka zilonda tsiku ndi tsiku osatsinzina, koma anabweza mutu msanga.

"Lesiyo sinalowe m'madzi," anatero Mayi Telala mofulumira. "Sinakhudzidwe. Tainunkhiza, mwina muli kanthu."

Namwino anatola kakatoni kaja ndi manja awiri. Anatsinzina, anakwirira mphuno m'maluwa a lesi n'kukoka mpweya nthawi yaitali. Anatembenuza mbali ina, anakokanso. Anamasula pang'ono kuti afike m'kati mwenimweni. Mayi Telala ankangoyang'ana nkhope yake, akupemphera chamumtima.

"Mulibemo," anatero mtsikanayo potsiriza. "Ikununkha m'nyumba muno."

Misozi inatsika yokha, nkhope osakwinyika. Nthunzi ya tsiku lija inali italowa m'dilowa monga inkalowera paliponse, ndipo mphuno za Mayi Telala zinali zitawanamiza.

"Amayi anga sankalola ngakhale botolo lopanda kanthu kulowa m'nyumba mwawo," anatero Namwino, osakweza mawu.

Bwenzi atakuwa, bwenzi atatukwana kapena kugubuduza tebulo, Mayi Telala akanapeza pogwira. Kufatsa kwake ndiko kunawalasa. Ndipo pa nthawi imeneyo, pamene munthu aliyense wa nzeru akanabisala kubafa mpaka mlendo atapita, chitseko chinatseguka, a Injiniya analowa atavala malaya abwino, manja atawapinda kutsogolo mwaulemu.

"Mwana wanga, cholakwa ndi changa, ndavomera," anatero ndi mawu a pamaliro. "Zinthu zadula, ndiye munthu umagwira chilichonse. Koma ine si munthu wosayamika. Mowa umenewu ukuoneka kuti utuluka bwino kuposa wonse umene ndinafululapo, woyera, wopanda litsiro. Ukapsa ndidzakupatsa kireti yathunthu ya paukwati wako, ulere. Tingati amayi akonso aikapo dzanja."

Namwino anawayang'ana ngati sanamve Chichewa. Kenako anagwira pakamwa, anaimirira, anaika lesi ija m'chikwama chake. Mayi Telala anadzuka pasimenti n'kuyamba kupinda velo kuti amuikire mupilokesi yake.

"Ayi, amayi. Iyo si ya amayi anga. Itayeni."

Anatsika masitepe akugwira khoma. Pakati panjira anaima, ndipo Mayi Telala anamumva akulimbana ndi mseru, kenako chitseko cha pansi chinatsekeka. Ankadziwa kuti mtsikanayo sadzawaipitsira mbiri kuchipatala kapena kumsika, sanali wotero. Zimenezo sizinawatonthoze ngakhale pang'ono. Anakhala pampando wa makina, velo ili pamiyendo.

A Injiniya anaima pawindo mpaka mtsikanayo atakhota pakona. Anatsokomola. Anayandikira tebulo, anasuntha kachipeso kamene Namwino anaiwala, anatsokomolanso.

"Wati titaye, eti?"

Mayi Telala anangoyang'ana velo ija.

"Ndimati, poti mwini wake waikana, ndipo inunso mwaichapa kale bwinobwino, kuitaya kungakhale kuwononga. Pachipserapo mukhoza kungoikapo chigamba. Mukaisoka m'mbalimu n'kuikamo chingwe chokokera kukamwa, litha kukhala thumba loti lingandithandize chaka chonse." Anatambasula dzanja n'kugwira kansonga ka velo.

Mayi Telala anayang'ana dzanjalo, zikhadabo zake zodzaza madeya. Anakhala ndi munthu ameneyu kuyambira ali mtsikana, anamuphikira, anamudwazika, anamuikira kumbuyo pamene abale awo ankamuseka, ndipo sanaganizepo kuti tsiku lina khungu lawo lidzanyansidwa naye chonchi. Anakoka velo ija pang'onopang'ono mpaka kansongako katachoka m'zala zake. Anatsegula dilowa n'kutulutsa sizasi yaikulu yodulira nsalu za masuti.

Anaidula pakati. Anaphatikiza zidutswazo n'kudulanso. Misozi inkagwera pasizasi, pakuti pa ntchito yawo yonse anali asanadulepo nsalu ya munthu kuti aiwononge, ndipo iyi ndi imene analumbira kuti aisamala kuposa zonse.

"Mayi, mukutani? Mayi! Ndisiyireniko mbali imodzi yokha! Mukudziwa mtengo wa thumba masiku ano inu?"

Mayi Telala anapitiriza kudula mpaka panalibe kachidutswa kokwana kuphimba pakamwa pa kapu.